Tsiku Limene Tinawalimira a Alcides

Kwathu kuno, kumtunda kwa Zobwe, munthu timamuyeza ndi munda wake. Ukafuna kudziwa ngati mwamuna ali ndi nzeru sufunsa kutchalitchi ayi, umangodzera kumunda kwake mwezi wakhumi n'kuona ngati wasosa, ngati watentha mapesi, ngati mizere yake yawongoka. Pa muyeso umenewu bambo anga aakulu, a Alcides, anali munthu wolephera. Tinawaseka zaka khumi ndi chimodzi, mapeyala awo ali m'kamwa.

Ine ndine Pililani. A Alcides anali amuna a mayi anga aakulu, a Teresinha, mkulu wawo wa mayi anga. Sanali akuno. Anali Mnyungwe wa kumunsi, kufupi ndi Benga, m'mbali mwa mtsinje wa Revubwe, ndipo iwo anatengera mayi aakuluwo kwawoko pachitengwa ine ndisanabadwe. Kumeneko anali ndi dimba, kabwato kophera nsomba, ndi manda a mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anapita ndi chikuku asanayambe n'kuyenda komwe. Mimba ina sinabwerenso.

Kenako pansi pa dimba lawo panapezeka malasha. Mu 2010 kunabwera magalimoto a kampani, nyumba zinalembedwa manambala ndi penti, anthu anakwezedwa pamodzi ndi mbuzi zawo n'kukatsitsidwa kutali ndi madzi, pamalo a miyala pamene anawamangira nyumba za malata zofanana zonse. Mafupa a mwana uja anatsatira m'kabokosi. A Alcides anayesa kulima kumeneko zaka ziwiri, koma khasu linkangolira pamwala. Chaka chachitatu mayi aakulu anati, "Tiyeni kwathu, kuli nthaka ya amayi." Ndi mmene mwamuna wa zaka makumi asanu, imvi zitayamba kale, anakhalira mkamwini.

Ukamwini umayenera anyamata, amene maondo akadali ofewa. Komabe a Alcides anagwada pamaso pa malume anga a Valdemar, amene ndi eni mbumba yathu. Malumewo si munthu woipa, ndisawanamizire, kungoti minda yabwino inali itagawidwa kale. Anawapatsa malo otsetsereka amene timati ku Chigwembe. Agogo analimapo chimanga mpaka nthaka inatheratu, n'kutsala katondo wouma gwa, ndipo madzi anang'amba pakati ngalande yoti munthu n'kubisalamo ataimirira. Ngakhale chisoso chinkakana kumera. Ankakondwapo ndi kaufiti yekha.

"Kunyadu, katsala ndi kameneka," anatero malume, powatchula mlamu m'Chipwitikizi. "Mukathira adubu, feteleza uja wa m'thumba kakupatsani ndithu kangachepe."

A Alcides anawomba m'manja. "Ndatenda."

Mawu awo anali amenewo. Chichewa ankachimva chonse, koma akachilankhula chinkatuluka chosakaniza ndi Chinyungwe, ana n'kumaseka, ndiye anasankha kumangoti ndatenda, zikomo wa kwawo. Zolankhula zonse za m'nyumba imeneyo zinali kwa mayi aakulu, amene pakamwa pawo panali posagona.

Chaka choyamba sanabzale chimanga n'komwe. Ankatola miyala n'kumaiyala m'mizere yopingasa phiri. Mungalande muja anatchinga ndi zipika ndi miyala malo asanu ndi awiri, ndipo kuseri kwa tchinga lililonse anabzala nthochi. Kenako anayamba chinthu chimene chinatidabwitsa tonse: kupempha zinyalala. Mapesi, makoko a nyemba, masangwi a mtedza, udzu wowola wochotsa padenga, zitosi za nkhuku, chilichonse. Munthu akaunjika mulu kuti ayatse, ankangoona a Alcides atafika ndi chingwe, chipewa chili m'manja. Ankasenza n'kukayala m'munda mwawo mpaka nthaka yosaoneka. Ana tinawapatsa dzina loti a Zinyalala. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo pofuula dzinalo mawu anga ndi amene ankamveka kuposa a onse.

Choseketsa kwambiri chinali chakuti ankabzala mitengo. Kuno mkamwini sabzala mtengo. Abzaliranji, poti tsiku lina adzasudzulidwa n'kubwerera kwawo chimanjamanja? Mkamwini amabzala chimanga chimene adzakolole chaka chomwecho, basi. Tsiku lina pamtondo mayi anga anawafunsa mkulu wawo.

"Mana, kodi amuna anuwa simunawauze mwambo wakuno?"

"Ndinawauza," anatero mayi aakulu, musi uli m'manja. "Akuti kwawo kumene angabwerere tsopano ndi dzenje lakuya kuposa phiri ili. Ndiye mphamvu azisungira kuti?"

Kabzalidwe kakenso kanali kosokoneza mutu. Pamene ife timati apa chimanga, apo mtedza, iwo ankangophatikiza. Nandolo, chinangwa, mbatata, maungu ndi kalongonda zonse malo amodzi, pakati pake timitengo ta mango, mapeyala, malalanje, magwafa ndi mapapaya. Zitsa za msuku ndi mthethe zimene ife timazula, iwo ankazisiya kuti ziphuke, n'kumasadza nthambi zina n'kusiya imodzi yowongoka. Nthambi zosadzazo sankapita nazo kunyumba ngati nkhuni, ankazidula tizidutswa n'kuzigoneka pansi pomwepo. Anabzalanso nthanga za masau zimene anachoka nazo ku Revubwe atazimanga pakansalu. Masau sakonda kuzizira kwa kuno, moti mwa zonsezo inamera mitengo iwiri yokha, ndipo ankaisamala ngati odwala.

Zaka zinayi zoyamba munda unkangooneka ngati dzala. Koma chaka cha chilala, pamene chimanga chathu chinauma chisanamasule, ku Chigwembe kunali kobiriwira. Mbumba yonse inapulumukira chinangwa, nandolo ndi nthochi za a Zinyalala, ndipo sanabweze munthu ngakhale mmodzi. Pofika chaka chachisanu ndi chitatu ngalande ija inali itadzaza yokha ndi dothi, ndipo kumunsi kwake kunatuluka kakasupe kamene sikankaphwa mpaka mwezi wakhumi. Ukalowa m'mundamo masana unkamva kuzizira pakhosi. Kunabwera apumbwa, njiwa ndi timba, njuchi zinalowa m'ming'oma iwiri imene anapachika mumsuku, ndipo mvula ikayamba bowa ankamera pazipika zowola. Chaka cha namondwe, madzi atakokolola mizere ya anthu n'kukaitaya kudambo, ku Chigwembe sikunachoke dothi lodzaza ngakhale chipande.

Mukuganiza kuti pamenepo tinaphunzirapo kanthu? Ayi ndithu. Tinkadya peyala, kunyambita zala, n'kunena kuti, "Koma nthaka ya agogo ndi yabwino! Taganizani munthuyu akanakhala kuti amasosa." Ife tinkaona kuti mitengo ikubereka ngakhale ili pauve, ndipo uvewo tinkati ndi chifukwa chosowa ana owathandiza. Sitinkawadanso, tinkawamvera chisoni. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhala pansi n'kuwafunsa chimene ankachita.

Mayi aakulu ankasenza mapeyala ndi nthochi kukagulitsa kwa madalaivala a makamiyau, magalimoto akuluakulu a katundu amene amadikira pamalire. Akabwerako sankafikira kunyumba, ankalunjika kumunda, n'kukhala pansi pa mango n'kuyamba kuwafotokozera amuna awo zonse za kumsika, ndani wakangana ndi ndani, ndani wabera sikelo. A Alcides ankangosenda nzimbe n'kumawapatsira. Ndikadutsa panjira ndinkamva kuseka kwa mayi aakulu kuchokera m'kati mwa masamba, anthu osawaona.

Mu 2023, mphepo yozizira ikutha, mayi aakulu anayamba kudandaula m'mimba. Anapita nawo kuchipatala ku Moatize, ndipo patatha masabata atatu anabwerako m'bokosi.

Tinaika maliro, tinameta. Kenako panatsala nkhani imene aliyense ankaidziwa koma palibe ankafuna kuiyamba. Mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa. Achibale ake amabwera, mbali ziwiri zimakhala pansi, amamuthokoza, n'kumumasula kuti abwerere kwawo. Amene amatha kutsala ndi amene ana amugwira mwendo, ndipo a Alcides analibe mwana. Kuwonjezera apo, ku Chigwembe kumene kale munthu sakanakulandira ngakhale pa ulere, tsopano kunali munda woposa yonse m'mbumba yathu, ndipo ena anali atayamba kale kuuyang'ana cham'mbali.

Masiku amenewo ndinkawapititsira chakudya. Ndinkawapeza atakhala m'munda, mutu wometa uli pamtunda, osagwira ntchito iliyonse. Tsiku lina anandilozera mitengo ya kumunsi.

"Pililani, mapeyala awo amachedwa. Adzakhwima mwezi wachitatu. Mudzawauze ana asadzathyole msanga."

Ndinamva kuti akutsanzika. Ndinali mayi wa ana awiri tsopano, ndipo manyazi a dzina lija anali atayamba kundidya.

Mwezi wakhumi utayamba malume anawaitana. "Kunyadu, pitani mukatenge nkhoswe yanu, tidzakhale pansi." A Alcides anati ndatenda, n'kukwera shapa, minibasi ya ku Moatize. Kupeza wachibale sikunali kophweka. Nkhoswe yawo inali itamwalira kalekale, ndipo abale ena kusamutsidwa kuja kunawamwaza, wina ku Tete, wina kumalo a miyala kuja, wina osadziwika kumene ali. Zinawatengera masiku asanu ndi anayi kuti apeze mlongo wawo, a Antónia, n'kuwanyengerera kuti abwere.

Iwo ali kumeneko mbumba inakumana. Panali phokoso. Ena ankati mwambo ndi mwambo, mlendo ndi mame, ndipo mundawo ugawidwe kwa ana aakazi. Mayi anga, amene nthawi zonse amaopa kulankhula pagulu, anaimirira.

"Apite kuti? Mundiuze dzina la mudzi umene mukumutumizako! Chaka cha chilala munkadya mwambo kodi?"

Malume anayang'ana pansi, kenako anati munthuyo sapita, munda ndi wake mpaka imfa. Ndinalira ndi chimwemwe. Koma malume anali asanamalize.

"Mawu okha sakwana," anatero. "Munthu uyu tamuseka zaka zonsezi. Tadya zake, koma sitinamugwirireko khasu ngakhale tsiku limodzi. Tiyeni timulimire dima. Akamabwera adzapeze munda wake uli ngati wa anthu, adzadziwe kuti ali ndi abale."

Tonse tinawomba m'manja, ngakhale aja ankafuna mundawo. Ine ndi mayi tinaphika thobwa migolo iwiri. Sindinagwirepo ntchito ndi mtima wosangalala ngati mmene ndinachitira masiku amenewo.

Tinalowa m'munda m'mamawa, anthu oposa makumi anayi, makasu, zikwanje ndi nyimbo. Mitengo ya zipatso sitinadule, sitinali amisala. Tinadula zimene ife timati tchire: nandolo wakale, kalongonda amene anayanga paliponse, timitengo ta msangu ndi mthethe, mphukira zonse. Amuna anachotsa miyala ya m'mizere ija n'kuiunjika m'malire, ati imabenthula makasu. Akazi tinkakokera zinyalala. Malo ena zinkafika m'maondo, ndipo pansi pake panali dothi lakuda, lonyowa mwezi wakhumi, lonunkhira bowa, nyongolotsi zili yakaliyakali. Ndikukumbuka mayi wina akukwinya mphuno n'kunena kuti, "Abale, munthu ankakhala bwanji ndi uve wotere?" Tonse tinaseka.

Malo opanda mitengo oti tiunjikepo munalibe, ndiye milu tinaiika pakati pa mitengo pomwepo, yambirimbiri. Dzuwa litakwera malume anati wina akapale moto. Ndinathamanga ndine. Ndinabwera nawo paphale, ndikuuzira panjira kuti usazime, ndipo mulu woyamba ndinayatsa ndi dzanja langali.

Mapesi a m'munda wamba amayaka kamphindi n'kuzima. Izi zinali zinyalala za zaka khumi ndi chimodzi, zosakaniza ndi nthambi zouma, ndipo mphepo ya masana inali itayamba kukwera phiri. Milu inagwirana. Moto unalowa m'masamba ouma a nthochi n'kukwera m'mwamba, unadumphira m'malalanje, unayenda pansi m'malo amene tinali tisanakokere. Nyimbo inasanduka mfuu. Tinathyola nthambi n'kumapuntha, tinatunga madzi a pakasupe ndi zikho za thobwa, koma njuchi zitatuluka m'ming'oma aliyense anathawira kwake. Tinaima panjira n'kumaonerera mapapaya akugwa limodzilimodzi.

Pamene dzuwa linkapendeka zonse zinali zitatha. Panatsala mango awiri aakulu, owauka mbali imodzi, ndi mitengo yakuda yoimirira yopanda tsamba. Masau awiri aja sankadziwikanso pamene anali. Kuchokera panjira unkatha kuona mpaka kudambo, zimene zinali zisanachitike kwa zaka zambiri.

Nthawi yomweyo ndi imene anatulukira, a Alcides patsogolo ndi kachikwama, a Antónia pambuyo. Tsoka silinunkha. Akanafika dzulo lake, kapena m'mawa mwa tsiku lomwelo, bwenzi ndikusimba nkhani ina.

Anaima pamalire a munda. Sanafuule, sanagwe pansi. Anangoyang'ana kumtunda, kenako kumunsi, kenako kumtundanso, ngati munthu amene watsika pamalo olakwika. Ife tinali titazungulira, nkhope zakuda ndi mwaye, ena maso otupa ndi njuchi. Malume anavula chipewa. Mawu amene anakonza kwa masiku atatu anawanenabe, poti analibe ena, koma ankatuluka modukaduka.

"Kunyadu... mbumba yakhala pansi. Simupita. Ndinu m'bale wathu, munda uno ndi wanu mpaka Mulungu adzakuitaneni. Timafuna tikulimireni. Moto watiposa mphamvu."

A Antónia anali asanauonepo mundawo. Iwo anabwera atakonzeka kutenga mlongo wawo wokalamba kupita naye kukanyumba kawo ka chipinda chimodzi, ndiye atamva kuti sapita, ataona munda waukulu wosesedwa bwino ndi khamu la anthu amene amulimira, anagwada pafumbi n'kuyamba kululuta. Analuluta okhaokha, akuthokoza Mulungu ndi malume m'Chinyungwe, misozi ili mbwembwembwe. Sindinamvepo phokoso lowawa ngati nthungululu imeneyo.

A Alcides anaika kachikwama pansi. Anagwada pambali pa mlongo wawo, anawomba m'manja katatu.

"Ndatenda," anatero.

Pa dima, mwini munda ndi amene amagawa chakumwa. Anadzuka, anapita pamgolo umene unatsala, anatenga chikho n'kuyamba kutungira munthu mmodzimmodzi, kuyambira malume. Palibe anakana, palibe anayang'ana mnzake. Atafika pa ine ndinabisa manja kumbuyo, chifukwa phale lija linali litandiwotcha chala ndipo ndinkaona ngati aliyense akuchiona.

"Imwa, mwanangu," anatero. "Wagwira ntchito kuyambira m'mawa."

Ndinamwa. Thobwa limenelo mpaka lero silinatsike.

Mvula itagwa tinkayembekezera kuti ayambanso kuyenda ndi chingwe chawo. Ena tinasunga dala mapesi osawotcha. Sanabwere. Anaunga mizere yowongoka ngati ya wina aliyense, anabzala chimanga, anathira feteleza amene malume anawagulira. Mitengo yakufa ija anaidula n'kugawira akazi nkhuni. Mvula yachiwiri yamphamvu inayambanso kung'amba pakati pa munda, pamalo akale pomwe paja, ndipo kasupe anauma chilimwe chotsatira. Anthu tsopano amawayamikira kuti aphunzira kulima.

Chaka chatha ndinagula mbande zitatu za mapeyala pamsika wa pamalire, ndinapita nazo. Ndinawapeza akupalira. Aonda, ndipo khasu akulikweza pang'onopang'ono. Anazilandira ndi manja awiri, anaziyang'ana mizu, n'kundibwezera.

"Peyala limafuna zaka zisanu ndi chimodzi," anatero. "Nthaka yake imafuna khumi. Ine ndilibe. Kabzale pakhomo pako."

Ndinakhala pansi pamzere. Ndinawafunsa funso limene ndinayenera kufunsa ndili mtsikana: zinyalala zija zinali za chiyani?

Anatsamira khasu, ndipo analankhula nthawi yaitali kuposa mawu onse amene ndinawamva kwa iwo chibadwire, Chichewa ndi Chinyungwe mosakaniza, osasamalanso kuti ndiseka. Anati ku Revubwe kunalibe munthu wothira manyowa m'dimba. Chaka chilichonse mtsinje unkasefukira n'kusiya mabango, masamba, zipika ndi matope, ndipo madzi akaphwa, pansi pa zonyansazo ndi pamene pankamera chimanga chotalika kuposa munthu. Atafika kuno anaona kuti phirili lilibe mtsinje wolibweretsera kanthu, madzi ake amangochotsa. Ndiye anaganiza kuti ntchito ya mtsinjeyo aigwire okha, ndi chingwe ndi mutu. Anandiuza chifukwa cha mwala uliwonse, chifukwa chimene nandolo ankakhalira pafupi ndi lalanje, chifukwa chimene nthambi yosadza siyenera kuchoka pansi pa mtengo wake. Zonse zinali ndi chifukwa. Munalibe uve ngakhale dzanja limodzi m'munda umenewo.

Ndinkalira poyera tsopano, ndipo ndinakwiya, sindikudziwa kuti ndinakwiyira iwo kapena ife.

"Bambo aakulu, zaka khumi ndi chimodzi! Bwanji simunatiuze?"

Anandiyang'ana modabwa, ngati ndafunsa chinthu chimene mwana aliyense amachidziwa.

"Ine ndinabwera pagalimoto ndi mbuzi ziwiri, mwanangu. Mkamwini angaphunzitse eni nthaka kulima?"

Anatola khasu n'kupitiriza mzere wawo.